Sanda za Ababa

Ndinadzuka kusanache n'kubereka mwana. Malemu Ababa anali chigonere m'chipinda chapakati, atawafunditsa nsalu. Amuna omwe anachezera panja anali akuwerengabe Kurani chapansipansi. Kunali nkhungu ndi kamvula kozizira, moto wa amayi ophika ukungofuka utsi.

Kale Ababa anakumba chitsime kuseri kwa nyumba yathu ku Nguboyenja, n'kuika pampu yoyendera dzuwa. Chitsimecho ndi nyumba yomwe anazipereka kumzikiti ngati wakifu, chinthu cha Mulungu chosagulitsa, chosagawana. Mipopi ikauma anthu amagula madzi pathu, phindu lake n'kugulira sanda za Amalawi ofera kuno kudziko la eni opanda abale. Ine ntchito yanga inali kudula ndi kupinda nsaluzo. Tsono achimwene anabwera kuchokera ku Joni atapeza kale wogula nyumba, poti za wakifuyo panalibe cholembedwa. Ine ndi mwana tikanalowera kuti?

Osambitsa maliro atapempha madzi, ndinadziwa kuti thanki ndi youma, pakuti dzuwa linali lisanawale masiku atatu. Ndinatsegulabe mpopi. Madzi anatuluka, ofunda. Pampu ili chete. Sindinauze munthu.

Ndinatsegula sutikesi ya sanda. Yapamwamba inali yodulidwa kale pamsinkhu wa Ababa, koma kadulidweko sikanali kanga. M'kati mwake munali pepala. Ndinalipereka kwa ashehe.

Anthu anadzaza msewu, ena okalamba oti sitinawaonepo, ndipo amenewo sanakhudze chakudya. Amuna ananyamula jeneza, chithatha cha maliro, akulandirana pamapewa, mpaka nkhungu inawameza pakona. Ife akazi tinatsala pageti.

Atabwerako kumanda, ashehe anawerenga pepala lija. Nyumba sidzagulitsidwa, ndipo wosunga sanda ndiye azikhalamo.

"Sisi, mumadziwa?" anandifunsa achimwene.

"Ine ndimangopinda, achimwene."

Anaseka pang'ono. "Hayi, mdala wandigwetsa ali m'manda."

Pofika madzulo onse anali atapita, m'nyumba muli zii. Ndikulongosola sutikesi, ndinaona kuti sanda zotsala nazonso n'zodulidwa kale, iliyonse msinkhu wake. Yapansi inali yaifupi ngati mkono wanga. Ndinafikitsa dzanja kumsana. Mwana ankapuma.

Pageti panagogoda munthu. Anali mayi wochokera ku Thorngrove, dera loyandikana ndi kwathu, atagwira mbereko yopanda kanthu. Sindinamufunse msinkhu. Ndinamupatsa yaifupi ija, n'kubwerera m'nyumba. Ndinadziwa kuti lendi ya pano ndi imeneyi.