Tinamusungira Mphamvu Veronika

Ndikukumbukira ndili Sitandade 4, chaka chimene mkulu wanga Veronika anasankhidwa kuti akathamange ku boma. Kwathu ndi kumtunda kwa Chimbiya, ndipo banja lathu linkadalira kachewere. Bambo ankalima, mayi ankasankha, ife ana tinkagulitsa pamsewu. Basi ikangoyamba kuchepetsa liwiro, tonse tinkanyamuka mabeseni ali pamutu, aliyense kufuna kuyamba kufika pawindo. Pamenepo panalibe womupeza Veronika. Ankatsika phiri m'mawa nkhungu isanachoke, masana n'kukweranso chothamanga kukatenga katundu wina. Makondakitala anamupatsa dzina loti Kamphepo.

Aphunzitsi athu, a Mbewe, anamuona akuthamanga tsiku lina iwo ali m'basi. Anapita naye ku mpikisano wa masukulu ku Kasina, ndipo kumeneko atsikana anzake anangoona fumbi. Madzulo ake aphunzitsi anafika kwathu. Anauza makolo kuti tikadzatsegulira sukulu kudzakhala mpikisano waukulu ku boma, ndipo kudzabwera anthu a ku Lilongwe odzasankha ana aliwiro. Anati ochita bwino amapita mpaka kunja kukapikisana ndi mayiko ena, ndipo wopambana amamuveka mendulo m'khosi, mbendera ya dziko lake ikukwera. Atanena izi anapita kwawo kutchuthi.

Mayi anagwada pakhonde pomwepo kuthokoza Mulungu. Atadzuka anali atadziwa kale chochita.

"Ng'ombe yoti ikakoke ngolo mawa suilimitsa lero," anatero. "Mwanayu apume. Mphamvu zake zonse akazitulutsire ku boma."

Kuyambira tsiku limenelo Veronika sanatsikenso kumsewu. Kumadzi ayi, kunkhuni ayi. Beseni lake ndinkasenza ine, ndipo sindinkadandaula, poti ndinkati nanenso ndikuponyapo dzanja pa mendulo. Iye ankakhala pamphasa kuothera dzuwa ngati mkwatibwi. Mayi ankamuphikira phala la nsinjiro, futali, ngakhale mazira, amene kwathu mtsikana sankaloledwa kulawa. Azakhali atadandaula, mayi anati Mulungu aona yekha. Nkhuku imene tinkasungira Khirisimasi inapita mu mphika.

Veronika sankakondwa nazo. Akamva basi ikulira kumunsi, mapazi ake ankachita kunyanyuka. Tsiku lina anazemba kuti athamange kuzungulira dimba, ine n'kumuona.

"Iwe Rosa, ukanena ndikupotokola khutu."

Koma mayi anali atamuona kale. "Ukufuna kutayira mphamvu m'mizere ya kabichi? Bwerera pamphasa!"

Tchuthi chitatha, aphunzitsi anabwera kudzamutenga. Anamuyang'ana masaya, kenako miyendo.

"Veronika, wakhala ukuthamanga?"

Mayi ndi amene anayankha, nkhope ili mwee. "Ayi ndithu, aphunzitsi. Ngakhale tsache sanagwire. Tamusungira bwinobwino."

Aphunzitsi anavula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati nthawi yaitali. Kenako anangoti, "Zikomo mayi, mwagwira ntchito." Ine ndinaganiza kuti akutiyamikira.

Ku boma tinapita pa lole, mphepo ya Juni ikutiluma makutu. Wezulo italira, Veronika anatsogola monga mwa masiku onse, ndipo mayi anayamba nthungululu. Atazungulira bwalo koyamba ndinaona akugwira m'nthiti. Pakamwa panali yasa, miyendo ikulemera ngati akuponda m'dambo. Anamudutsa mmodzi, kenako wina, kenako gulu lonse, mpaka kamtsikana kena kamene anakasiya kutali ku Kasina. Anamaliza, inde, koma anthu a ku Lilongwe aja sanafunse n'komwe dzina lake.

Tinakweranso lole kubwerera kwathu. Mayi anagwira kolona m'manja, koma mikanda sinkayenda. Titatsika lole, mayi anafunsa aphunzitsi chapansipansi kuti, "Kodi chakudya chinachepa?" Apo m'pamene aphunzitsi anawafotokozera kuti liwiro silisungidwa ngati chimanga m'nkhokwe, ukalisiya nalonso limakusiya. Mayi anangoti, "Bwenzi mutatiuza." Aphunzitsi anati ankayesa kuti aliyense amadziwa.

Tinkati chaka chamawa. Koma chaka chamawacho aphunzitsi anasamutsidwa, ndipo amene anabwera analibe nazo ntchito zothamanga. Liwiro linabwerera pamsewu, mwayi sunabwerere. Veronika anasiya sukulu, anakwatiwa ku Linthipe, anabereka ana ake. Mayi mpaka tsiku lawo lomaliza sanamuphikirenso dzira mwana aliyense.

Lero achemwali anga mawondo anatha. Amagulitsa atakhala pansi, ndipo basi ikaima amangokweza mbale m'mwamba. Posachedwa mwana wanga Yohane anatisonyeza pa foni masewero aakulu aja amene mayiko onse amakumana. Tinaona atsikana akuda ngati ife tomwe, ochokera m'mapiri ozizira ngati athu omwewa, akuweramitsa mutu kuti awaveke mendulo. Ndinadikira mbendera yathu mpaka Yohane anati batire latha.

"Ameneyo wathamanga ndithu," anatero achemwali. "Koma mumusenzetse beseni la kachewere, tione ngati angandipeze."

Tinaseka. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti ndi fumbi la malole.

Ine ndimathokoza Mulungu. Anatipatsa mayi amene anadzimana dzira ndi nkhuku chifukwa cha mwana wawo, ndipo sindidzawaimba mlandu. Koma ndinaphunzira kuti chikondi chopanda wochiunikira chimatha kukwirira mphatso, chikuyesa kuti chikuifunditsa. Ndipo kuno kwathu mwayi sudutsa kawiri ngati basi.

Mwana wanga wotsiriza, Sesiliya, anatengera miyendo ya mayi ake aakulu. Ine sindimukhazika pamphasa, ndimamusiya athamange. Ndimamutchula mu kolona tsiku lililonse. Koma kusukulu kwake bwalo analimapo chimanga, ndipo palibe amene anabwerapo kudzafunsa za ana aliwiro. Dzulo ndinamuona akusiya anzake onse m'mbuyo, beseni lili pamutu, mpaka kufika pawindo iye yekha. Anthu a m'basimo ankayang'ana kachewere.