Mlendo wa Zaka Makumi Awiri ndi Zisanu

A Loice Nachisale anafika ku Bulawayo m'chaka cha 1921, ali mtsikana wa ku Ntcheu wongokwatiwa kumene. Amuna awo, a Simeon, ankagwira ntchito yopala phulusa m'mitu ya sitima, ndipo anali atapita kumudzi kukawatenga. Pamalire apolisi anaimika amuna onse pamzere, kuwavula malaya, kuwadinda zala ndi kuwaonera zitupa. A Loice palibe anawafunsa kanthu. Masiku amenewo mkazi ankalowa m'dziko ngati mphasa, katundu wa mwamuna wake.

Ntchito yawo inali yochapa. Lolemba lililonse ankazungulira m'nyumba za azungu kusonkhanitsa zovala, n'kusenza mtolo waukulu mpaka ku lokeshoni. Ankachapa pampopi, kusita ndi simbi yamakala, Lachisanu n'kukapereka. Kolala yosita iwo inkaima yokha. Koma anali munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo amayi a Chindebele, amene ankawatcha MaTshisale, ankadziwa kuti beseni lawo salisuntha pamzere wa madzi. Anabereka ana atatu. Awiri anamwalira ali makanda n'kuikidwa ku Bulawayo komweko. Wachitatu, Moses, atakula anapita ku Joni, ndipo kalata zake zinabwera ziwiri zokha.

M'chaka cha 1946 a Simeon anapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri ku Mzilikazi. A Loice anaikolopa, anaipaka polishi wofiira, anabzala mpiru kuseri. Patapita miyezi isanu ndi iwiri a Simeon anamwalira ndi chifuwa, ndipo maliro asanazizire wapolisi wa lokeshoni anabwera ndi pepala lowaitana ku ofesi.

Ku ofesiko anapeza kalaliki wachinyamata dzina lake Laston, mwana wa ku Dedza, wovala taye ngakhale kunja kukutentha. Laston anawapatsa mpando mwaulemu n'kuwafotokozera kuti nyumbazo n'za amuna ogwira ntchito. Mkazi wamasiye wochokera kunja ayenera kubwerera kwawo.

"Kwathu kuti?" anafunsa a Loice.

"Ku Ntcheu, mayi."

"Ku Ntcheu ndikapeza yani? Mayi anga anafa, atsibweni anafa, munda anagawana kalekale. Ndinachoka kumeneko iwe usanabadwe."

"Ndamva, mayi. Koma m'mabuku muno inu mulibemo. Alipo ndi a Simeon okha."

"Nanga zaka zonsezi ankawaphikira ndani a Simeon akowo?"

Laston anapukuta thukuta n'kutsitsa mawu. Anati njira zotsalira zilipo. Mwana wawo wamwamuna atakhala pa ntchito mu mzinda muno, angawalembetse pa dzina lake. Apo ayi, akwatiwenso ndi mwamuna wa chitupa. Apo ayi, apeze dona woti aziwasunga m'kanyumba ka kuseri. Ndiye panalinso pepala la alendo, limene ankapatsa munthu wongolowa kumene m'dziko kudzaona abale, la miyezi itatu. Ikatha, munthu ankayenera kutuluka, koma palibe lamulo lomuletsa kulowanso.

A Loice anatuluka m'nyumba ija mwezi usanathe, n'kukakhala kwa mnzawo wa ku tchalitchi, a Aida, mzere wachitatu wa nyumba kuchokera pomwepo. A Aida anali munthu wabwino mtima koma wa pakamwa posatseka, ndipo tsiku lomwelo anayamba kuwafunira mwamuna. Lamlungu lotsatira panafika mkulu wina, a Hector, khukhi wa ku hotela, chipewa m'manja. Anamwa tiyi makapu atatu, kenako anafunsa ngati a Loice amadziwa kusisita msana, poti wawo unkawavuta nyengo yozizira.

"Bambo," anatero a Loice, "ine ndasisita msana umodzi zaka makumi awiri ndi zisanu, ndauika m'manda. Wina sindiufuna. Chipewa chanu ndi icho."

Dona mmodzi mwa amene ankawachapira anavomera kuwapatsa kanyumba, koma anati alendo ayi, ndipo Lamlungu ndi tsiku la ntchito. A Loice anakana. Za Moses sankadziwa ngakhale mgodi umene anali. Inatsala njira ya alendo.

Malire apafupi anali a dziko la Bechuana. Anakwera sitima mpaka ku Plumtree, n'kuyenda wapansi dzuwa likuswa mtengo mpaka pa mtsinje wa Ramokgwebana. Mtsinjewo unali mchenga wokhawokha. Anawoloka, anakhala pansi pa mtengo kutsidya, anadya chikondamoyo chimene anatenga, n'kuwolokanso. Popita palibe anawaimika, pobwera palibe anawaimika. Wapolisi amene anakumana naye panjira anangowapatsa moni wa Chindebele kuti, "Salibonani, mama," n'kupitiriza kupalasa njinga yake.

M'mawa mwake anali ku ofesi.

"Ndatuluka, ndalowa. Ndipatse pepalalo."

"Chidindo chili kuti, mayi?"

"Chidindo chanji?"

"Chosonyeza kuti munatulukadi. Bwana sangasaine popanda chidindo cha kutsidya."

"Laston, tayang'ana mapazi angawa. Ming'alu iyi ndaitenga ku Mzilikazi? Bwanji sunanene poyamba?"

"Ndimayesa mukudziwa, mayi."

Sabata yotsatira anabwereranso ku mtsinje kuja. Ulendo uno anafunsira mpaka anapeza kanyumba kamalata kutsidya, mmene munkakhala wapolisi wachikulire wa Chitswana ndi tebulo lake. Anamvana m'Chindebele. Mkuluyo atamva kuti mayiyu wabwera ulendo wonsewu kuti angotembenuka, anaseka mpaka misozi, koma anadinda. Atabwerera ku ofesi, pepala la alendo linatuluka. Linati Lois Simon, mlendo wa pa nyumba ya Aida, aloledwa kukhala miyezi itatu.

"Mlendo!" a Loice ankatero pampopi, akumenyetsa thalauza la mwini pamwala. "Msewu wa ku chipatala uja anaupala ine ndikuona. Theka la ana a muno ndinawaona akukwawa. Lero ndine mlendo, ndidikire kuti andionetse kumene kuli chimbudzi."

Kuyambira pamenepo moyo wawo unkayendera miyezi itatuitatu. Pepala likatsala sabata, ankachapa usana wonse kuti amalize zovala za anthu, Loweruka n'kukwera sitima. Ulendo wachinayi anapeza kanyumba kamalata kali kotseka. Anthu anati wapolisi wapita ku midzi kukaona ng'ombe zodwala, ndipo chidindo wapita nacho m'thumba. A Loice anadikira masiku anayi, akugona kwa mayi wina wa Chikalanga amene anawamvera chisoni. Pofika ku Bulawayo anapeza madona awiri atapereka zovala kwa wochapa wina. Mmodzi anawakalipira pakhomo kuti anthu akuda amakonda kuyendayenda. A Loice anangoluma mlomo, koma pofika kunyumba anaswa mbale ya a Aida.

Mapepala aja ankawasunga m'chitini cha masikono, atawakulunga m'kansalu koyera kuti chiswe ndi chinyezi zisawapeze. Anakwana asanu ndi limodzi.

M'chaka cha 1948 kunamveka mbiri m'lokeshoni yoti boma lafewetsa. Munthu wochokera kunja amene wakhala mu mzinda zaka khumi osachoka, ngakhale mkazi wamasiye, atha kupatsidwa pepala lokhalitsa. A Loice anavala diresi la ku tchalitchi, ananyamula chitini chawo, n'kukaima pamzere. Atafika pa tebulo la Laston anayala mapepala onse bwinobwino, lililonse ndi chidindo chake.

"Onani, ine sindinaphwanyepo lamulo ngakhale tsiku limodzi."

Laston anayang'ana mapepalawo limodzilimodzi.

"Mayi, pepala lomalizali likuti munalowa m'dziko muno mwezi wa February chaka chino."

"Eya, pochokera ku mtsinje kuja."

"Ndiye kuti mwakhala miyezi iwiri. Akufuna zaka khumi osatuluka."

A Loice anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Unandituma kumeneko ndani?"

"Nthawi imene ija lamulo ili kunalibe, mayi."

"Ndikufunsa kuti unandituma ndani! Ine ndinali phee m'dziko muno, sindinapondepo malire kuyambira tsiku limene ndinalowa. Iwe ndi taye yakoyo unati tulukani, lowani, tulukani, lowani. Lero ukuti ndafika dzulo? Tiye ku manda ndikakuonetse ana anga. Wina wa 1924, wina wa 1929. Mlendo wa miyezi iwiri amaika ana awiri?"

"Zimenezo zikusonyeza kuti anawo ndiwo akhalitsa, mayi, osati inu."

Atangonena mawuwo Laston anazindikira kuti walakwa. A Loice anasonkhanitsa mapepala awo n'kutuluka osatsanzika. Masiku atatu sanachape. Ankangokhala pakhonde.

Lamlungu madzulo Laston anabwera yekha, wopanda taye. Anakhala pansi pakhomo ngati mwana wa pamudzi, n'kupepesa chifukwa cha mawu aja. Kenako anati bwana wakale wasamutsidwa, ndipo watsopanoyo sadziwa nkhope ya munthu aliyense. Amayi ambiri a m'lokeshoni alibe pepala lililonse, choncho kwa iwo bwana amangofuna mboni ziwiri zolumbira kuti munthuyo wakhalitsa.

"M'buku la alendo ndinalemba Lois Simon. Mubwere ngati Loice Chisale, mkazi amene sanagwirepo pepala. Awo ali m'chitiniwo muwaotche."

"Ndiotche?"

"Onse, mayi."

"Maulendo asanu ndi awiri a sitima. Nsapato ziwiri zinathera mumchenga muja. Ndiye ukuti amene anangokhala osasamala lamulo ndiwo ali bwino, ine amene ndinalitsata ndiyambe ndabisa?"

"Ndi mmene zilili, mayi."

Anawaotcha m'mawa mwake, mu simbi yositira, limodzilimodzi, akutukwana chamumtima. Makala amenewo anasitira malaya a mzungu wina wa ku banki.

Mboni zinali a Aida ndi mkulu wa mpingo, a Enock, amene anawadziwa a Simeon kuyambira kale. Bwana watsopanoyo anali mnyamata wofiira makutu, wosadziwa Chinyanja kapena Chindebele, ndiye Laston ndiye ankamasulira. A Enock anafunsidwa ngati mayiyu wakhala mu Bulawayo kuyambira 1921, ndipo anayankha kuti inde, n'kutseka pakamwa. Itafika nthawi ya a Aida, zinthu zinatsala pang'ono kuwonongeka.

"Aa, bwana, ameneyu ndi wathu weniweni. Wavutika mayiyu! Ulendo wina anakagona masiku anayi kutsidya kwa Abechuana, ife kuno tili ndi nkhawa kuti kaya afisi amudya..."

A Loice anawaponda chala mwamphamvu. Bwana anafunsa kuti akuti chiyani. Laston, nkhope ili gwa, anayankha m'Chingerezi kuti mboni ikuti mayiyu ndi wolimbikira ntchito, ndipo nthawi ina anadwala masiku anayi anthu n'kuda nkhawa. A Loice Chingerezi ankachimva bwino, poti anachitola m'makhitchini a madona, koma anangoyang'ana pakhoma ngati munthu wosamva kalikonse.

Bwana anafunsanso funso limodzi: kodi mayiyu ali ndi pepala lililonse? A Loice anatambasula manja awo opanda kanthu, osuwa ndi sopo.

"Ndilibe, bwana. Ndine mkazi chabe."

Mawu amenewo anawawawa kuposa ulendo wa ku mtsinje, koma bwana anagwedeza mutu mokhutira n'kusaina.

Nyumba ya ku Mzilikazi sanaibwezeredwe. Munali mutalowa kale banja lina, ndipo mpiru wawo unali utazulidwa. Anapatsidwa chipinda chimodzi ku lokeshoni yakale, kufupi ndi mpopi, ndi pepala lolola Loice Chisale kukhala mu mzinda ngati wochapa wodziimira yekha. Pansi pake panalembedwa kuti azilionetsa ku ofesi mwezi wa January chaka chilichonse. M'chipinda chimenecho anakhalamo mpaka manja atakana kufinya zovala, ndipo ku Ntcheu sanapiteko.

Tsiku losainalo, atatuluka panja, a Aida ankatsimphina koma akumwetulira.

"Anzanga, tiyeni tikayamike Mulungu. Komanso mnyamata uja mumuthokoze, wakuthandizani."

"Ndimuthokoze? Wazimitsa moto umene anayatsa yekha."

"Komabe, anzanga."

A Loice anaima kanthawi, akuyang'ana pepala lija mozondotsa. Kenako analipinda n'kuliika pachifuwa.

"Mukamuuze abweretse malaya akewo Lolemba. Kolala imene ija ikuchititsa manyazi anthu a kwathu. Koma asandiyankhule."

Anatero n'kuyamba kuyenda mofulumira, chifukwa zovala za anthu zinali zili m'madzi kuyambira dzulo lake.