Tsiku Limene Ndinabwereka Mipando

Ine mawu anga ndi aakulu, ndipo sindinapepesepo kwa munthu chifukwa cha zimenezo. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya njanji pa siteshoni ya Kafue ndinali kukuwa pakati pa mabogi, woyendetsa injini n'kundimva ali kumapeto kwa yadi. Sukulu ndinalekezera panjira. Kulemba ndimalemba, koma ngati munthu wokoka ngolo pamchenga. Ngakhale zili tero, nkhani iyi ndafuna kuilemba ndi dzanja langa, chifukwa ndikaikamba pakamwa ndimaikometsa.

Mdzukulu wanga wamkazi ndinamulera ine ku Nangongwe. Amake, mwana wanga woyamba, anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo atate ake sitidziwa kumene anathera. Mkazi wanga atatisiya nayenso, tinatsala awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri. Penshoni inatha kalekale. Tinali kudya za vitumbuwa vimene mwanayo anali kukazinga m'mawa asanapite kusukulu, ine n'kukhala navyo pamsewu.

Za maso zinamulowa ali giredi teni. Anthu opima maso anabwera kusukulu kwawo ndi kabokosi ka magalasi, napeza kuti mnzake wina, amene aphunzitsi anali kumutcha waulesi, sanali kuona chabe zolembedwa pa bolodi. Anamupatsa magalasi, mwana uja n'kuyamba kukhoza. Mdzukulu wanga anabwera kunyumba nandiuza kuti ntchito yake waipeza, adzakhala wopima maso ndi kulembera anthu magalasi. Atamaliza giredi twelofu anakhoza bwino, koleji ina ku Lusaka n'kumupatsa malo. Kalatayo ndinayenda nayo Nangongwe yonse mpaka inada m'makona.

Malipiro a kolejiyo sindinganene. Ngakhale tikanagulitsa nyumba ndi malata ake omwe, sitikanafika patali. Koma kunali bungwe lina lolipirira ana ochepa ophunzira za maso, thandizo limene ana amati basale. Mwanayo anadzaza mafomu yekha, naikapo pepala la imfa ya amake, kalata ya kutchalitchi ndi ya ahedi. Kenako anandiuza kuti a bungwe adzatuma munthu kudzaona mmene tikhalira. Sanawonjezere, poganiza kuti ndamva. Inenso ndinaganiza kuti ndamva.

Apa ndipo pali mlandu wanga, ndipo ndifuna mumvetse kumene unachokera. Masiku a njanji, pamene tinali kukhala m'nyumba za kampani, kunali kubwera anthu oyendera nyumba. Anali kuyang'ana pansi ngati mwakolopa, pawindo ngati pali nsalu, ana ngati ali ndi nsapato. Banja lodzisamala anali kulisamutsira ku nyumba yaikulu. Ine ndinakwera kawiri mwa njira imeneyo. Choncho m'mutu mwanga woyendera nyumba amafuna kuona ngati ndinu anthu. Ndani angaponye chuma chake pa mwana wochokera m'nyumba yopanda mpando?

Foni inalira Lachiwiri, akuti tibwera Lachinayi. Mwanayo anali ku Lusaka kwa msuweni wake, kukapimitsa thupi monga koleji inafunira. Sindinamuuze. Ndinati akadzabwera apeze agogo ake atamaliza ntchito.

Kwa amayi a nyumba yoyandikana nafe, amene mwana wawo agwira ntchito ku banki, ndinabwereka sofa, matebulo awiri ndi TV. Kwa mwini kantemba wa pakona ndinatenga filiji yakufa, koma yoyera bwino kunja. Makatani ndinabwereka a kutchalitchi. Mphasa, mbaula ndi beseni limene timatchera mvula ikamadontha ndinazibisa kuseri kwa chimbudzi. Pansi ndinapaka polishi yofiira ndekha, chogwada, munthu wa zaka zanga. Amayi aja anandifunsa akuseka ngati ndikukwatira kachiwiri, ine ndinati abwere Lachinayi adzaone mmene munthu wa njanji amalandirira alendo.

Anabwera mayi wachitsikana, fayilo kukhwapa, nsapato zili mbuu ndi fumbi kuchokera pamene minibasi inamutsitsa. Anandipeza mu suti, nsomba yaikulu ya mumtsinje ili patebulo, yokazinga. Anaima pakhomo, nayang'ana pepala lake, nafunsa ngati wafika nyumba yoyenera. Ndinati wafika, alowe.

Anandifunsa kuti timadya kangati patsiku. Ndinati kuno njala timaimvera kwa ena. Anafunsa za penshoni, ndinati munthu amene anatumikira njanji sapempha mchere. Nthawi imeneyo anthu anali atadzaza pakhomo ndi pawindo, eni sofa ali patsogolo, ndipo ine ndikaona anthu mawu amakwera okha. Mayi uja anayang'ana filiji nthawi yaitali. Kenako anatseka fayilo, nasendera pafupi, nalankhula motsitsa kuti a panja asamve.

"Ba tate, niuzeni chabe zoona. Vinthu ivi ni vanu?"

Anandipatsa njira, zimenezo sindingakane. Koma ine ndinayang'ana pakhomo.

"Vanga," ndinatero, mokweza kuti afike nawo mawu ndi a kumsewu. "Thukuta langa. Ndipo mwana wa m'nyumba ino sangalephere sukulu ine nikali moyo."

Analemba. Anajambula chipindacho ndi foni, ine nditaima pafupi ndi filiji, dzanja lili pamwamba pake. Anandipatsa pepala kuti ndisaine, ndipo ndinasaina dzina langa lonse, pang'onopang'ono, kuti aone kuti si ine wa chidindo cha chala. Nsomba sanadye.

Mdzukulu wanga anafika m'mawa mwake, napeza tikutulutsa sofa kubweza kwa eni ake. Anaima ndi chikwama chake m'manja, nayang'ana sofa, makatani, polishi. Ine ndinayamba kumufotokozera monyadira. Sanandilole kufika patali.

"Ba shikulu," ndimo amatchulira agogo ake, "anajambula?"

Ndinati inde.

Anakhala pansi pakhonde pomwepo, pafumbi, ndi siketi yake ya ulendo. Sanalire. Anandiuza ndi mawu ofatsa, ngati akuphunzitsa mwana, kuti basale amapatsa osauka okhaokha, ndipo munthu uja anabwera kudzaona umphawi wathu ndi maso ake kuti akatichitire umboni. Ananena kamodzi kokha, nalowa m'nyumba kukakoleza mbaula.

Lolemba tinakwera minibasi ya ku Lusaka. Ndinavala ovololo yanga yakale, suti ndinaisiya. Tinadikira pa benchi mpaka masana. Mayi uja atatuluka anandizindikira, ndipo ndinamuuza zonse, za sofa, za vitumbuwa, za denga. Anati akundikhulupirira, anaona tsiku lomwelo kuti filiji inalibe chingwe. Koma iye amalemba zimene mwini nyumba wanena ndi kusainira, ndipo akuluakulu anali atakhala kale pansi n'kugawa malo onse kwa ana ena, osauka ngati ifeyo. Sakanachotsa mwana wa wina. Ndinagwada. Anandidzutsa mwaulemu, nati tidzayesenso chaka chamawa. Tsiku lolembetsa ku koleji linafika n'kudutsa, malo a mwana wanga anapatsa wina.

Chaka chotsatira tinayesadi. Anabweranso mayi yemweyo, nakhala pa mphasa, ndipo ndinayankha mafunso onse moona, ndikuyang'ana pansi. A bungwe anavomera kuti adzalipira ngati koleji yamutenga. Koma chaka chimenecho ofuna za maso anachuluka, ena okhoza kuposa iye, ndipo dzina lake silinatuluke. Poyamba anali ndi malo opanda thandizo, tsopano thandizo lopanda malo. Chaka chachitatu ndinamukumbutsa za mafomu, iye anati wamva, koma sanapite kukawatenga.

Lero agwira ntchito m'nyumba ya anthu ku Kafue Estates, kulera ana ndi kuchapa, eni ake akapita ku Lusaka. Mwanayo amachoka kuno m'mawa ndi miyendo, amabwera ndi ndiwo. Sananditukwanepo, sananenepo kwa munthu kuti ndine ndinamuwonongera. Ndikanakonda akananditukwana tsiku limodzi.

Mwezi watha anakoka sutikesi pansi pa bedi, imene anadzigulira yopita nayo ku koleji, ikali m'pulasitiki yake. Anatulutsamo mashiti awiri ndi tawulo, napukuta fumbi, nati ndikapereke sutikesiyo kwa mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu amene akupita ku maphunziro a unesi. Ndinamufunsa ngati sadzaifunanso.

"Sutikesi ingokhala chabe, ba shikulu. Ipelekeni."

Ndinakapereka.