Madzi Oyamba a Kalongonda

Utsi wa nthambi za bulugamu ukandilowa m'mphuno, ndimaona a Ruwiza atakhala pachitsa kuseri kwa nyumba yawo kufupi ndi Milonde, mwendo wodwala atautambasula, mphika wa nyemba za kalongonda ukubwata pambali, foni ili pamiyendo. Sanali abale athu, anabwera pothawa nkhondo ya ku Mozambiki n'kumanga pafupi nafe, koma ana tonse tinkawatcha anganga.

Foniyo anatumiza ndi mwana wawo wa ku Joni, ndipo inabwera ndi gemu. M'gemumo munali kamtsikana kovala chipewa chachikulu, kankayenda m'nkhalango kutola masamba, nthenga ndi miyala yonyezimira, n'kuthira zonsezo mumphika, kuvundula, kulawa, basi akhala mankhwala ochiritsa anthu akwawo. Zala za anganga zinali zitakhakhala ndi ntchito yothyola tiyi, galasi la foni silinkawamva, ndiye wodina ndinali ine, iwo olamula. Kamtsikanako anakapatsa dzina loti Nachipewa.

"Muuze asiye bowa wofiirayo, akapha naye amalume ake."

"Anganga, wofiirayo ndiye akufunika."

"Ndiye kwawoko n'kwa amisala. Tola, tione maliro ake."

Munthu wa m'gemumo akachira, anganga ankaseka mpaka kutsokomola. Nthawi tinali nayo, chifukwa kalongonda ndi wa tsiku lonse: kuwiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso. Madzi oyamba amada bii, ndipo aliyense kwathu amadziwa kuti amazunguza mutu, ngakhale kupha kumene. Aliyense, kupatula mlongo wanga Yohane, yemwe anali asanayambe sukulu ndipo ankangosuzumira foniyo ali pamapewa athu.

Tsiku lina masana bondo linawavuta anganga, ndiye madzi oyambawo anangowatsanulira m'beseni kuti akawataye kudzala nthawi ina, tinabwerera kwa Nachipewa amene ankalimbana ndi chinjoka. Tinangoona Yohane waima patsogolo pathu, wanyamula chitini ndi manja awiri, muli madzi akuda, masamba a mapeyala akuyandama.

"Anganga, imwani, bondo lipole."

Anganga anaika foni pansi pang'onopang'ono.

"Wapanga wekha, bambo?"

"Eya."

"Walawa?"

"Pang'ono. Ngati Nachipewa."

Sanakuwe. Anamugwira chibwano, kumununkhiza m'kamwa, kumuyang'ana lilime, kenako chitenje, mwana kumsana. Munthu amene ankapita kuchitsime ndi ndodo, akupumira m'njira, ndodoyo anaisiya pomwepo n'kudutsa m'tinjira ta m'minda ya tiyi akutsimphina chothamanga, ine pambuyo ndikulira, ndikuitana amayi kudimba. Yohane anayamba kusanzira pamsana pawo, iwo osaima. "Sanza, bambo, sanza zonse, chitenje n'chochapa." Kuchipatala anamuika madzi, anagona komweko, m'mawa anadzuka akufuna zitumbuwa.

Amayi ankafuna foniyo iponyedwe m'chimbudzi.

"Foni sinaphike kalongonda, make Yohane," anatero anganga. "Beseni ndinalisiya ndine."

Bondo lija linatupa ngati dzungu, ndipo kumsika sanapitenso wapansi. Koma gemuyo sitinasiye. Kungoti Nachipewa akati alawe mankhwala ake, anganga ankamukalipira mokweza, diso lili pa Yohane: "Chitsiru iwe, ukulawa osafunsa amako? Amako ali kuti?" Yohane n'kumagwedeza mutu, kugwirizana nawo.

A Ruwiza anatisiya ndisanakwatiwe. Lero ndili ndi wanga, Dalitso, wangosiya kumene kuyamwa, ndipo m'foni ya bambo ake muli gemu yonga ija, yomatola zinthu n'kumaphika, mwanayo amakhala pamiyendo pawo maso ali tong'o. Ine mtima sukhala pansi. Palafini, mankhwala a makoswe, a anankafumbwe, zonse ndinapachika kudenga, komabe akangoti zii kuseri kwa nyumba ndimasiya mbale zili ndi sopo n'kuthamanga, ndipo ndimamupeza akuvundula dothi ndi kamtengo m'chivundikiro cha botolo. Kukhosi kumabwera mfuu, ndimaimeza, poti mwana wokalipiridwa amakalawira kobisika. Ndimagwada, kumugwira chibwano, kumununkhiza m'kamwa. Iye amayesa ndi chikondi chathu cha awiri. Masiku ano akamaliza kuphika zakezo amabwera yekha kudzandikoka chitenje, n'kuyasama kuti ndimununkhize.