Ndinatuluka m'chikuta denga likuyaka

Linali Lachiwiri, dzuwa litangokwera pang'ono. Amayi ankapeta mphale pakhonde. Ine ndinali m'nyumba, m'chikuta, ndi mwana wamkazi wa masiku anayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mchombo wa mwana unali usanagwe, ndipo kwathu kumalire a kum'mawa mayi saponda panja mchombo usanagwe. Kenaka tinamva akazi akulira kumudzi wa kutsidya kwa dambo.

Sindikanalemba izi pakanapanda mnyamata wina m'minibasi ya ku Dambwa, kuno ku Livingstone, sabata yatha. Wailesi inkanena za nduna yatsopano yoona za maiko akunja, kuti ndi munthu wophunzira, wakhala kazembe kunja zaka zambiri, ndipo akufuna kuyamba ndi maiko oyandikana nafe, malire atseguke ku malonda, mikangano izitha pokambirana. Mnyamatayo anaseka mokweza. "Aba ni bokwera ndeke chabe, nchito yao ni kumwa tiyi na anzao." Ndinapsa mtima mpaka ndinatsika ndisanafike pamene ndimapita. Mwana iwe, wabadwira mu mtendere ndiye ukuona ngati unangomera wokha. Ndunayo sindikuidziwa, kaya ndi yabwino kaya ayi. Koma ngati ikuti iyamba ndi anansi, imwe tiyi ameneyo mpaka mimba ifufume. Ine ndinaona zimene zimaoloka malire nkhondo ya anansi ikasiyidwa osaizima.

Malire athu anali kanjira ka ng'ombe. A kutsidya kwa malirewo tinkakwatirana nawo, tinkaikirana maliro. Nkhondo yawo tinkangoimva, tinkati ndi yawo.

Tsiku lija, atamva kulirako, amayi anaika lichero pansi. Kwathu ukamva kulira sufunsa kuti wafa ndani. Umatapa ufa m'kambale, nkhuni pamutu, ulendo. Wotsala amamunena mpaka chaka. Amayi anamanga mpango wawo wobiriwira wa kutchalitchi, nasuzumira pakhomo. "Usatuluke, wamva? Ngakhale chibwere chiyani, mwana asaone dzuwa." Akazi ananyamuka mondondozana, atayamba kale kulira poyankha anzawo. Amuna anasenza makasu okumbira manda. Mudzi wonse unapita ndi miyendo yake kumene kunali mfuti.

Sanali maliro. Zigawenga zinali zitaoloka m'mawa umenewo, ndipo akazi aja ankalira chifukwa zinkawadula.

Mfuti zinalira nthawi yochepa. Woyamba kubwera anali aNabanda, a nyumba yoyandikana ndi yathu. Ankathamanga atagwira mutu ndi manja awiri. Khutu lakumanzere panalibe, magazi atanyowetsa bulauzi mpaka m'chiuno. Anakuwa kamodzi kuti thawani, nadutsa pabwalo osaima.

Ndinabereka mwana kutsogolo ndi chitenje n'kufika pakhomo. Pomwepo ndinaima ngati chitsiru. Ndikunena zoona, ndinkaopa mawu a amayi kuposa mfuti. Ndinkati ndikatuluka mwana adzatupa, adzafa, ndipo anthu adzati wapha yekha chifukwa cha kusamva. Ndinabwerera n'kukhala pamphasa.

Ndinkaonera pa mng'alu wa chitseko. Analowa m'mudzi amuna ambiri, ena opanda nsapato, ena ndi zikwanje zokha. A Sakala, nkhalamba yolumala mwendo, anali atatsala pansi pa mango akuluka dengu. Anawomba m'manja kulonjera alendo. Wina anawatema pakhosi kawiri, napukuta chikwanje pa dengu lomwelo.

Anaombera mbuzi m'khola. Anatapa chimanga m'nkhokwe, chotsala anathira moto. Mmodzi anaima pafupi ndi khonde lathu, natapa mphale ya amayi m'lichero kumatafuna yaiwisi. Pa mfuti yake anali atamangapo mpango wobiriwira.

Sindinalire. Ndinadziluma dzanja mpaka kutuluka magazi.

Denga linayaka pamwamba panga. Udzu wamoto unagwera paphewa ndi pamsana, ndipo zipsera zake ndili nazo mpaka lero. Utsi utadzaza, mwana anayamba kutsokomola. Pamenepo mpamene ndinatuluka, osati chifukwa cha nzeru, koma moto unandikankha. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, utsi ukundibisa, n'kudziponya m'dzenje limene tinkakumbamo dothi loumbira miphika.

Mwana anatsegula kukamwa kuti alire. Ndinamutseka ndi bere, kumukanikiza zolimba. Pamwamba pa dzenje panadutsa munthu akutafuna nzimbe, makoko ake anagwera pamiyendo panga. Kutaliko mtsikana wina ankaitana amayi ake, kenaka anasiya. Ndinakanikizabe mpaka dzuwa linapendeka. Nditamasula, mwana anali wofooka ngati nsalu yonyowa, koma kachifuwa kankakwera ndi kutsika.

Ndinayenda m'tchire kulunjika kumsewu waukulu. Magazi a uchembere ankatsikira m'miyendo. Munjira ndinadutsa mnyamata wa kwathu atagona chafufumimba, khasu lili pambali pake. Sindinamutembenuze. Lole ya thonje inanditola, inanditsitsa kuboma.

Kuchipatala cha kuboma kunali kodzaza anthu odulidwa, ena atagona m'makhonde. Anandipaka mankhwala pamsana. Ndinafunsa za amayi kwa aliyense wa kwathu amene ndinamuona, onse ankayang'ana pansi. Asilikali anati kumudzi kusabwerere munthu. Bambo a mwana anali atapita kumigodi ndili ndi pakati, sindinkadziwa kumene ali. Amene ndinkadziwa anali achimwene anga, ogwira ntchito ya njanji ku Livingstone. Amayi ena a mvano anandikweza basi.

Vuto linali mkaka. Unauma tsiku lomwelo m'dzenje muja. Ndinkafinya mpaka misozi, osatuluka ndi dontho lomwe. Mwana ankayamwa bere louma, n'kulisiya. Mayi wina m'basi anasungunula shuga m'madzi, tinkamudonthezera ndi chala. Titafika ku Lusaka anali atasiya kulira. Paliwombo panali patalowa. M'sitima ya ku Livingstone anthu ankasuzumira m'chitenje, ndipo mayi wina anandifunsa ngati mwanayu anabatizidwa. Ndinamutukwana, Mulungu andikhululukire.

Ndinafika ku Libuyu, komboni ya ku Livingstone, masana, ndikufunsa khomo ndi khomo. Achimwene anali kuntchito. Ndinapeza alamu anga, a mtundu wa Chilozi, mkazi amene amayi anamukana chifukwa sanali wa kwathu, ndipo ine sindinali nditamupatsapo moni. Anali pampando akuyamwitsa mwana wake wa miyezi itatu. Anandiyang'ana kumapazi, pamsana, kenaka m'chitenje. Anaika mwana wake pansi, n'kumusiya akulira.

"Leta mwana, mulamu."

Anafinyira mkaka pamilomo ya mwana wanga. Panapita nthawi osagwedezeka. Ine ndinagwada pafumbi, ndinalibenso pemphero. Kenaka kalilime kanatuluka, kananyambita, ndipo ndinamva kukhosi kwake kukumeza.

Achimwene anapita kumudzi patatha mwezi. A Sakala anawapeza ataikidwa. Amayi sanawapeze, ndipo palibe anadziwa pamene anagwera. Manda awo kulibe.

Mkaka wanga sunabwerenso. Mwanayo anayamwa kwa alamu zaka ziwiri, bere limodzi iye, lina msuweni wake. Lero ndi mayi wamkulu, ali ndi ana atatu ndi kashopu ka zosoka ku Dambwa North. Akadwala kapena akakondwa, woyamba kumuimbira foni ndi alamu. Iwowo amawatcha amayi. Ine amanditcha ba anti, ndipo ndimavomera.