Nati Imene Sindinaipondere

Ntchito ya pagaraja sindinaifune ine, inachita kundipeza. Ndinkagulitsa kabichi pa Linthipe, ndili mtsikana, pamene aKamwendo, eni garaja ya kuseri kwa msika, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinawaganizira zina. Koma anangofunsa kuti, "Iwe Nangozo, sikelo ya kuchipatala imati chiyani ukakwerapo?" Nditawauza, anati ndibwere Lolemba.

Ankangofuna kulemera kwanga basi. Kumapeto kwa ekiselo, chitsulo chimene magudumu amazungulirapo, kumakhala nati yaikulu imene imagwira gudumu lonse, ndipo mphamvu ya mkono siikwana kuimanga. Sipanala yoyezera mphamvu ija aKamwendo analibe, ndiye anali ndi njira yawo: soketi yokwana bwino panati, chitsulo chogwirira soketiyo, ndi paipi yaitali yovekapo. Papaipipo anadula chizindikiro ndi tupa. Ine ndikaima pachizindikirocho ndi mapazi onse awiri, osadumpha, paipi n'kusiya kutsika, ndiye kuti nati yakwana. Kenako pini inkalowa pabowo lake n'kupindidwa. Pomasula tinkayamba tathira mafuta, ine n'kuima kunsonga kwenikweni kwa paipi. Eniakewo anali onenepa, akaponda ankadula mazinga a nati. Lufeyo, makaniko wawo, nayenso ankandiposa thupi.

"Shifitingi, sipanala yosinthasintha kukamwa ija, isayandikire nati ya ekiselo," ankatero aKamwendo. "Imaterereka, imadya makona, kenako imakunamiza kuti wamanga."

Masiku amenewo mkazi sankavala buluku, ndiye ndinkakwera papaipi nditamanga chitenje, a pamsika akuseka. Ndinkawawerenga onse osekawo.

M'mawa wina mwezi wozizira kunabwera amuna atatu a chipani ndi lole yaing'ono. Inkayenera kukatenga amayi a ku Mphunzi kuti akavine kumsonkhano. Gudumu lakumbuyo linkalira, bering'i itatha. Wamkulu wawo, wa chipewa chakuda, anati, "Dzuwa lisafike paliwombo loleyi ili pano. Ikachedwa mukafotokoza nokha."

Inu ana a lero simungamvetse. Lole ya amayi ovina ikanagubuduzika, palibe akanaitcha ngozi. Kukanakhala kuukira boma, ndipo msika wonse unkadziwa munthu amene amaponda paipi. Komanso mayi anga anali m'gulu lokakweralo.

AKamwendo anaika bering'i yatsopano, n'kupita kutsogolo kukaona mabuleki. Ine ananditumiza kukatunga madzi a injini. Pobwera ndinapeza Lufeyo akutsitsa jeke.

"Tamaliza, achemwali, zonse n'zomanga," anatero akumwetulira. "Lero mupumeko."

Ndinatula ndowa. Soketi inali pamsomali wake, youma, yopanda girisi. Makona a nati ankanyezimira ngati wawakukuta khoswe. M'thumba la ovolosi ya Lufeyo munkasuzumira shifitingi. Pabowo la pini panali kamsomali kopyapyala, kochita kukakamiza.

Kulankhula kunali kuchedwetsa lole ya chipani. Kukhala chete kunali kutumiza mayi anga pamatsitso a ku Mphunzi ndi gudumu lomangidwa ndi dzanja.

"Sindinaipondere," ndinatero.

Wachipewa uja anatembenuka. "Akuti chiyani mtsikanayu? Khadi uli nalo iwe?"

Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kumuonetsa khadi la chipani. Analiyang'ana mbali zonse ziwiri, osandibwezera msanga. AKamwendo anandiyang'ana ine, anayang'ana nati, anayang'ana Lufeyo. Anazula kamsomali kaja ndi pulayala, anatenga soketi, naveka paipi.

Nditaimapo, paipi inatsika mpaka pansi ngati ndaponda dzungu lowola. Anaikweza, ndinapondanso, inatsikanso. Kachitatu chimodzimodzi. Kachinayi m'pamene inandinyamula n'kuima nji. Pini yeniyeni inalowa yokha, osakhomera.

Lufeyo anaseka. "Kuiwala kulipo, bwana."

Palibe anamuthandiza kuseka. Lole inanyamuka dzuwa litapendeka kale, ndipo wachipewa uja asanakwere anafunsa dzina la aKamwendo lonse, ngakhale linali pachikwangwani. Mayi anga anabwerako tsiku lotsatira mawu atasasa, akudandaula za fumbi basi. Sindinawauze kanthu mpaka anamwalira.

Patapita masabata awiri amuna aja anabweranso, masanasana. Anati akufuna kukacheza pang'ono ndi aKamwendo. Anapita girisi ali m'manja, ndipo sitinawaonenso. Mvula isanagwe, chikwangwani cha garaja chinali chitapakidwa penti yatsopano, ndi dzina la Lufeyo. Anatumiza uthenga kuti ndibwerere kuntchito. Ndinati msana ukundivuta, n'kubwerera ku kabichi wanga.

Kaya Lufeyo anaiwaladi, kaya ankafuna kuti gudumu lija limugwetsere aKamwendo ndi ine limodzi, sindikudziwa. Sindinafunse, ndipo inunso musakafunse, ali ndi adzukulu pa Linthipe pomwepo.

Lero adzukulu anga amachita manyazi ndikamazungulira minibasi ndisanakwere, ndikuwerama pagudumu lililonse. Kondakitala amati, "Agogo, zonse n'zomanga izo." Ndimamuyankha kuti zikomo, n'kupitiriza kuzungulira. Mawu amenewo ndinawamvapo kale, kwa munthu amene ankamwetulira.