Magazi a Amuna Anga Anatsala ku Sukulu

Amuna anga anadwala khansa ya m'mapapo tikukhala ku Kabwata. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Longacres, anawatengera ku India. Kumeneko madokotala anawatenga magazi n'kupatulamo maselo ena, aja amene amalozera asilikali a m'thupi kumene kuli mdani. Anati awaphunzitsa nkhope ya khansayo, kenako awabwezere m'thupi ngati katemera. Za kuchira sanalonjeze. Anawabaya kamodzi, maselo otsalawo anawasunga mufiriji kuti adzabwererenso.

Atabwerako ankakhala pakhonde masana, maluwa a jakaranda akuwagwera pamaondo.

"Amake mwana, ife sukulu inatikana, koma magazi anga akuphunzira kunja."

"Akabwera azidzatiyankha m'Chizungu?"

"Mudzangowapatsa moni wakwathu uja woti shani, adzakuzindikirani."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Ku India sanabwerereko. Titawaika m'manda, alamu anga, mlongo wawo wamkulu wochokera ku Luapula, anandikhazika pansi.

"Mulamu, kwathu munthu amaikidwa yense. Zovala zakudazi simuvula pamene magazi a mlongo wanga adakali pa ulendo."

Mvula inabwera, inapita, ine ndili m'zakuda. Pa benchi yanga yogulitsirapo tinsomba ta kapenta ku City Market, dzuwa likafika pamutu, maso ankalemera ndipo ndinkawaona maselo aja ngati m'maloto. Tiana ting'onoting'ono tovala zoyera, titakhala m'kalasi yozizira, manja pamiyendo. Phunziro tianato tinalimaliza kalekale. Tinkangoyang'ana kukhomo, kudikira belu loti tipite kwawo, osadziwa kuti nyumba inagwa. Wogula ankachita kundigwedeza phewa.

Tsiku lina mwana wanga anabwera kunyumba ndi foni, alamu alipo. Achipatala chija ankafunsa ngati awataye maselowo kapena awasunge kuti madokotala aziphunzirirapo. Kuwatumiza kuno anati sizingatheke.

"Amama, ndiwayankhe chiyani?"

Ndinayang'ana mpando wa pakhonde uja.

"Uwauze awasunge. Atate ako ankanyadira sukulu imeneyo. Ngati ana aja anamaliza, akhale aphunzitsi."

Alamu anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Uja ankathawa sukulu n'kukabisala kumabwato," anatero. "Lero ndiye wakhala mphunzitsi?"

Anaimirira, nabwera kumbuyo kwanga. Ndinamva zala zawo zikumasula mfundo ya duku lakuda, ndipo mphepo inandikhudza m'mutu.